Kodi ndege imamwadi thanki yonse ya mafuta pa ola limodzi?

Imelo yafika kuchokera kwa bambo wina wa ku Senga Bay amene ali ndi maboti a injini. Akuti pa bawo panabuka mkangano. Mnzawo akulimbikira kuti ndege yonyamula anthu imamaliza mafuta a galimoto ya thanki yathunthu, zija zochokera ku Beira, pa ola limodzi lokha. Akufuna nambala yoti akamutsekere pakamwa.

Bambo, nambala ndikupatsani, koma funso lanuli lili ndi msampha. Inu nomwe mukudziwa kuti injini ya 40 ikamakankha boti lodzaza usipa molimbana ndi mwera, kamwedwe kake sikafanana ndi ka tsiku limene nyanja yagona. Wina atakufunsani kuti injini yanu imamwa malita angati pa ola, mumayamba mwamufunsa kuti katundu ndi wochuluka bwanji, mphepo ili kuti. Ndege nayonso ili choncho.

Titenge Boeing 737-800, mtundu umene umatera kawirikawiri pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi. Ikamayenda pansi kupita ponyamukira, injini zake ziwiri zimamwa pafupifupi makilogalamu 800 pa ola. Ikamathamanga kuti inyamuke, injini iliyonse imameza makilogalamu 1.2 pa sekondi, kutanthauza pafupifupi 8,600 pa ola zonse ziwiri, koma ukali umenewu ndi wa mphindi zochepa. Kenako pali mphindi 20 kapena kuposerapo zokwera, apanso ikumwa kwambiri. Ikafika pa mtunda wa makilomita 11 m'mwamba, kumene mpweya ndi wopepuka, imakhazikika pa makilogalamu 2,400 mpaka 2,600 pa ola. Potsika amachepetsa moto kwambiri, kamwedwe n'kubwerera kufupi ndi ka pansi kaja. Ndege imodzi, ulendo umodzi, nambala zinayi. Amene akuuzani nambala imodzi osanena kuti ndi ya gawo liti, angolota.

Apa m'pamene pagona chifukwa chimene ulendo waufupi umapwetekera kampani. Kuchokera ku Lilongwe kupita ku Chileka ndege yaikulu ingomaliza kukwera, nthawi yotsika yakwana. Gawo losunga mafuta lija silipezeka. N'chifukwa chake pa njira zotere pamakwanira bwino Dash 8 Q400, ya zopukusa mphepo ija, imene imamwa pafupifupi makilogalamu 1,000 pa ola. Anthu amainyoza kuti ndi yaphokoso, yachikale. Akulakwitsa. Pa mtunda waufupi ndi imene ili ndi nzeru.

Mwaona kuti ndikungonena makilogalamu, osati malita. Si kunyada. Mafuta a ndege, Jet A-1, ndi palafini woyengedwa bwino, m'bale wake wa uja wa munyali za asodzi, kungoti amapangidwa kuti asaundane mpaka madigiri 47 pansi pa ziro. Kukatentha mafuta amafufuma, kukazizira amanyala, choncho lita ya pa Lumbadzi masana a Okotobala silemera mofanana ndi lita ya m'mawa wa Juni. Injini imafuna kulemera kwa mafuta, ndipo mapiko amanyamula kulemera. Woyendetsa ndege amaitanitsa mu makilogalamu, wothira mafuta amawerenga mita yake mu malita, ndipo pakati pawo pali masamu: lita imodzi ndi pafupifupi makilogalamu 0.8. Masamu amenewa akasokonekera zinthu zimaipa. Pa 23 July 1983 Boeing 767 ya Air Canada inafunika makilogalamu 22,300, koma anthu anawerengera mu mapaundi, muyeso wa kulemera wosakwana theka la kilogalamu, ndipo inanyamuka ndi mafuta osakwana theka. Injini zonse zinazima m'mwamba. Oyendetsa anaitsetsereka mpaka kukatera pa bwalo lakale la asilikali ku Gimli, m'dziko la Canada, ndipo palibe anamwalira. Nkhani imeneyi imandikwiyitsa ndikamva munthu akunena kuti malita ndi makilogalamu n'zimodzi.

Palinso ichi: zimene ndege imamwa ndi zimene imanyamula n'zosiyana. Ulendo wa Lilongwe kupita ku Johannesburg, maola awiri ndi mphindi zingapo, 737-800 ingawotche pafupifupi matani 6. Koma lamulo limati pa amenewo awonjezere 5 peresenti ya zadzidzidzi, mafuta okafikira bwalo lina ngati koyamba kwatsekeka, komanso a mphindi 30 zomaliza amene sakhudzidwa pokhapokha zitavuta. Awonjezerenso oyendera pansi. Ndiye mwina mungati, bwanji osangodzaza thanki? Mafuta nawonso ndi katundu. Tani iliyonse yowonjezera imadyetsa makilogalamu 30 mpaka 40 pa ola kuti ingonyamulidwa. Kampani imadzaza mopitirira pokhapokha ngati komwe ikupita mafuta ndi odula kwambiri kapena akusowa. Chifukwa chomwechi, ola loyamba la ulendo wautali limadya kuposa lomaliza, poti ndege imanka ipepuka.

Mphepo ya kutsogolo siisintha kamwedwe ka pa ola. Imangochulukitsa maola, ngati mwera pobwerera ku Senga Bay kuchokera ku Nkhotakota.

Nambala zokatengera ku bawo

Izi ndi za ndege ikakhazikika m'mwamba, ndipo zonse ndi zapafupifupi. Q400, malita 1,250 pa ola. Embraer 190, malita 2,300. Boeing 737-800 ndi Airbus A320 yakale, malita 3,100, omwe ndi zigubu 155 za malita 20. Boeing 787, malita 6,000 mpaka 7,000. Boeing 777-300ER, malita opitirira 9,000. Boeing 747-400, malita 13,000. Airbus A380, yaikulu koposa zonse, malita 14,000 mpaka 15,000.

Musanadabwe, gawani. 737-800 pa liwiro la makilomita 830 pa ola ikumwa malita 3.7 pa kilomita. Muli anthu 160, aliyense wadya malita 2.3 pa makilomita 100. Munthu amene ali yekha m'galimoto yomwa malita 8 pa makilomita 100 pa msewu wa Salima kupita ku Lilongwe wawononga kuposa katatu. Minibasi yodzaza ndiyo imaiposa ndegeyo, poti aliyense safika ndi lita imodzi yomwe.

Tsono mnzanuyo. Galimoto ya thanki imanyamula malita 30,000 mpaka 40,000. Matanki onse a 737-800 atadzaza mpaka pakamwa amalowa malita 26,020, ndipo amenewo ndi a maola pafupifupi asanu ndi atatu. Ngakhale A380 imafuna maola opitirira awiri kuti imalize galimoto imodzi. Akatsutsabe, mumufunse kuti akunena ndege iti.