Khutu la galu likamangochira n'kuyambiranso

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mayi wina wa ku Zomba. Galu wawo, wazaka 4, wamtundu wosakanikirana ndi Labrador, wakhala akuvutika ndi khutu kuyambira chaka chatha. Amapukusa mutu usiku wonse, amakanda mpaka kulira, ndipo m'khutumo mumatuluka zakuda zonunkha. Agula kale mankhwala odontheza katatu. Akathira amapezako bwino, koma mwezi usanathe zimayambiranso. Funso lawo ndi lakuti: kodi alipo mankhwala amphamvu oti athetseretu zimenezi?

Amayi, pepani kwambiri. Kumva galu wako akulira usiku, iwe osadziwa chochita, kumapweteka mtima. Koma ndisakubisireni, chimene chikusowa si mankhwala amphamvu ayi. Tizilombo timene mankhwalawo akupha si gwero la vutoli. Yisiti yotchedwa Malassezia ndi mabakiteriya ena zimakhala pakhungu la galu aliyense, ngakhale wathanzi. Zimaswana mopitirira pokhapokha m'kati mwa khutu mukatupa, mukatentha ndiponso mukamakhala chinyezi. Ndiye funso loyenera n'lakuti, chikutupitsa khutulo n'chiyani?

Kwa agalu ambiri akuluakulu, yankho limakhala ziwengo: thupi likudana ndi chinachake, kaya fumbi la m'nyumba, mungu wa udzu, kapena chakudya monga nyama ya ng'ombe, nkhuku ndi mkaka. Madzulo ano mumugoneke chagada, muone pamimba, m'khwapa ndi pakati pa zala. Ngati pali pofiira, kapena ubweya wa kumapazi wasanduka wofiirira chifukwa chonyambita, dziwani kuti matendawa ndi a khungu lonse, khutulo ndi pamene angoonekera kwambiri. Zoyambitsa zina ziliponso: njere ya udzu yolowa m'kati, nkhupakupa, chotupa, kapena nthata za m'khutu, ngakhale nthatazi zimakonda tiana ta agalu ndi amphaka.

Kapangidwe ka khutu nakonso kamawonjezera. Njira ya khutu la galu imatsika pansi kenako n'kukhota ngati chilembo cha L, choncho madzi akalowa satuluka msanga. Wanuyo makutu ake ndi ogwa, ali ngati chivundikiro pamphika. Nthawi yadzinja ndiye pamavuta zedi.

Pitani naye kwa dokotala wa ziweto, ndipo mupemphe zinthu ziwiri. Choyamba, aunike m'kati kuti aone ngati nembanemba ya khutu, ija ena amati ng'oma, ili bwino. Ikakhala kuti inabooka, mankhwala ena monga gentamicin ndi neomycin angathe kumugonthetsa. Chachiwiri, atengeko mafinyawo awaone pa maikulosikopu. Ndi ntchito ya mphindi zochepa koma ndi imene imasiyanitsa yisiti ndi mabakiteriya. Alipo mabakiteriya ena, Pseudomonas, amene amabweretsa mafinya amadzimadzi ndi zilonda, ndipo samva mankhwala ambiri. Amakonda makutu oti athiridwa mankhwala kambirimbiri mongolingalira. Ngati kufupi kulibe amene ali ndi zipangizozi, ulendo wa ku chipatala cha bungwe losamalira nyama la BSPCA ku Blantyre sungakhale wotaya ndalama. Mutenge mabotolo onse akale, ndipo musatsuke khutulo tsiku limenelo kapena dzulo lake, kuti dokotala akaone mmene lilili.

Ndikuganiza kuti ndikudziwa chimene chakhala chikuchitika. Mankhwala ambiri odontheza amakhala ndi steroid woletsa kuyabwa. Pakatha masiku atatu galu amasiya kukanda, pakhomo pamabwerera mtendere, botolo n'kuikidwa pawindo. Koma pansi pa khutu tizilombo timakhala tidakalipo. Malizani masiku onse amene mwauzidwa, ndipo mubwerere akamuonenso ngakhale akuoneka kuti wachira.

Mankhwala sagwira ntchito akagwera pamwamba pa litsiro. Dokotala akakulolani kutsuka, kwezani khutu, thirani mankhwala otsukira mpaka adzaze, kenako sisitani patsinde pa khutu kwa masekondi 30. Mumva timadzi tikulira m'kati, ndipo agalu ambiri amatsamira dzanja lanu maso ali psinya. Musiyeni apukuse mutu, ndiye mupukute ndi thonje pomwe chala chikufika basi. Timitengo tathonje totokosera tija ayi, timangokankhira litsiro pokhota paja.

Ndipempheko chinthu chimodzi, chifukwa ndachiona kangapo: palafini, oyilo wakutha wa galimoto ndi dibi zisalowe m'khutu la galu. Zimawotcha khungu lomwe lili kale ndi zilonda. Brufen musamupatse, ndipo Panado musayerekeze popanda dokotala. Komanso zilonda za kunsonga kwa makutu, zija amaluma ntchentche, ndi vuto lina, mankhwala ake ndi osiyana.

Dokotala akakayikira chakudya, kuyesa kwake kumafuna kupirira. Kwa masabata 8 galu amadya nyama yamtundu umodzi imene sanadyepo, mwina kalulu, ndi mbatata, popanda china chilichonse. Apa m'pamene mabanja ambiri amalepherera, chifukwa ana amamuponyera fupa la nkhuku mobisa, kapena wantchito amamukhuthulira makombo. Khalani pansi ndi onse a pakhomo musanayambe. Zikapezeka kuti ndi fumbi kapena mungu, vutolo silitheratu, koma limagonja ndi kutsuka pafupipafupi, kuumitsa makutu akasamba, ndi mankhwala ochepetsa kutupa.

Musazengereze, Amayi. Khutu likatupa kwa zaka, njira yake imalimba n'kutsekeka, mpaka pamafunika opaleshoni yochotsa njira yonseyo. Ndipo mukaona mutu wapendekera mbali imodzi, akudzandira poyenda, kapena khutu lafufuma ngati chitumbuwa chifukwa magazi aundana m'kati, mupite naye tsiku lomwelo. Mukabwerako mundilemberenso, ndikufuna kumva zimene apeza pa maikulosikopu.