Wosema miyala amene papa anamukweza kudenga

Mayi wina wandifunsa pa imelo kuti: kodi Michelangelo, katswiri wosema miyala wa ku Italy, ankapanga zakumtima kwake, kapena ankangotsatira zofuna za apapa? Mayi, lolani ndikuyankheni ndi nkhani ya manda.

Mu 1505 Papa Julius II anaitanitsa Michelangelo ku Rome kuti amukonzere manda okhala ndi ziboliboli pafupifupi 40. Mnyamatayo anakatha miyezi isanu ndi itatu ku Carrara akusankha miyala ya nsangalabwi. Pobwerako anapeza kuti mtima wa papa wasamukira kwina: ndalama zikupita kokamanga tchalitchi chatsopano cha Petulo Woyera, chimene mwala wake woyamba unaikidwa mu 1506. Michelangelo atapita kukakumbutsa za malipiro, anamubweza pakhomo. Anapsa mtima n'kuthawira ku Florence. Onse awiri anali amtima wapachala.

Atagwirizananso, papa sanamubwezere ku manda aja. Poyamba anamupangitsa chiboliboli chamkuwa cha papayo ku Bologna, chimene adani a papa anachisungunula mu 1511 n'kupangira mzinga. Kenako mu 1508 anamukweza kudenga la Sistine Chapel, tchalitchi cha ku Vatican, kuti akajambulepo zithunzi, ngakhale iye ankanena kuti kujambula si ntchito yake, ndi wosema miyala basi. Tchalitchicho anamangitsa ndi Papa Sixtus IV, mbale wake wa bambo a Julius, choncho inalinso nkhani yokweza dzina la banja lawo la della Rovere.

Apa ndiye pali yankho lanu. Malo, nthawi ndi ndalama zinali m'manja mwa papa. Koma pulani yoyamba inali yongojambula atumwi 12, ndipo Michelangelo anaiona kuti ndi yoperewera. Pomaliza mu 1512, padengapo panali nkhani zisanu ndi zinayi za m'buku la Genesis ndi anthu oposa 300. Ineyo ndimati papa anamukakamiza ntchito, koma Michelangelo ntchitoyo anaikulitsa yekha.

Mphamvu za apapa zinamulondola mpaka atamwalira. Chithunzi cha Chiweruzo Chomaliza, chimene anamaliza mu 1541 nthawi ya Papa Paul III, chinadandaulitsa akuluakulu a mpingo chifukwa cha anthu amaliseche, ndipo mu 1565, Michelangelo atamwalira kale, wojambula wina Daniele da Volterra anawaveka tinsalu.

Nanga manda aja? Anatha mu 1545, patapita zaka 40, ali ochepetsedwa kwambiri. Ali ku San Pietro in Vincoli, tchalitchi china cha ku Rome, ndi chiboliboli chotchuka cha Mose pakati. Julius mwiniwake sanagonemo. Mafupa ake ali ku tchalitchi cha Petulo Woyera.