Za aphunzitsi a residency m'zipatala za community ku America

Achimwene mwafunsa ngati m'zipatala za community (zomwe si za yunivesite) muli aphunzitsi enieni kapena resident (dokotala amene wamaliza sukulu ndipo akupitiriza maphunziro akugwira ntchito m'chipatala) amangosiyidwa yekha ndi odwala. Aphunzitsi alipo ndithu, pulogalamu iliyonse yovomerezedwa ndi ACGME (bungwe lovomereza mapulogalamu a residency ku America) imayenera kukhala ndi program director komanso ma core faculty (aphunzitsi okhazikika a pulogalamuyo), sizoyambitsa mwachisawawa ayi. Kusiyana kwake ndi ku yunivesite nkoti ma attending (madokotala akuluakulu oyang'anira ma resident) ambiri m'zipatala za community tsiku lonse amakhala pa wodi ndi ku kiliniki, research ndi yochepa, ndiye zambiri mumaphunzira pa round, pa morning report ndi ka lecture ka masana kaja muli mkati mwa lanchi. Chomwe ine ndimakondako nchakuti ma fellow (madokotala omwe anamaliza residency ndipo akuchita fellowship, kuphunzira gawo limodzi lapadera) amakhala ochepa kapena kulibiretu, mukaona wodwala mtima mumakamba ndi cardiologist mwini wake, ma procedure simulimbirana ndi gulu. Koma ngati mukufuna fellowship mukamaliza zaka 3 za residency ya internal medicine, pa interview afunseni kuti ma resident awo akale anapita kuti, ndipo ma resident omwe alipo muwafunse pambali ngati ma attending amakhaladi pansi nkuphunzitsa kapena amangosayina ma note basi.