Yankho kwa amalume pa za chipata cha denga cha ku Beckenham

Zikomo amalume, ndamva funso lanu pa chithunzi chomwe ndinatumiza dzulo, loti n'chifukwa chiyani chipata cha patchalitchi chili ndi denga ngati kanyumba, komanso bwanji sipakuoneka msomali ndi umodzi womwe.

Chipatacho chili pa tchalitchi cha St George ku Beckenham, kum'mwera chakum'mawa kwa London, ndipo eni ake amati ndi cha zaka za m'ma 1200, ngakhale kuti chakhala chikukonzedwa. Kuno amachitcha lychgate, dzina lochokera ku liwu la Chingelezi chakale lotanthauza mtembo, pakuti manda amakhala m'bwalo la tchalitchi momwemo. Buku la mapemphero la Angilikani la 1549 linalamula kuti wansembe azichingamira maliro polowera m'bwalomo, choncho onyamula maliro, omwe nthawi zina ankachokera kutali wapansi, ankatula mtembo pamenepo n'kudikira wansembeyo. Poti mvula ya kuno ilibe nyengo, dengalo linkawatchinjiriza iwo pamodzi ndi womwalirayo, amene kale ankangokulungidwa m'nsalu popanda bokosi. Zipata zina zili ndi mwala pakati woikapo maliro ndi mabenchi m'mbali.

Za misomali ndinaonetsetsa bwino podziwa kuti inu, mmisiri wa matabwa, mudzafunsa. Amagwiritsa ntchito mtengo wa oak, womwe uli ndi madzi owawa amene amadya chitsulo n'kudetsa thabwa, n'chifukwa chake amisiri ankasema mphako pa nsanamira, n'kulowetsamo nsonga ya mtanda, kenaka n'kukhomera chikhomo cha mtengo womwewo. Luso limene landigometsa ndi lakuti bowo la pansonga ankaliboola mophonyetsa pang'ono mwadala, kuti chikhomo polowa chikoke mtandawo n'kuumanitsa ndi nsanamira. Ndinapapasa mitu ya zikhomozo ndi chala. Mtengo wachita mbuu ndipo wang'aluka mwina ndi mwina, koma mfundo zake zili nganganga. Nsanamira kawirikawiri sazikumbira pansi, amazikhazika pamwala kapena pakakhoma kakafupi kuopa chinyezi, ndipo denga amafolera ndi matailosi, timatabwa kapena udzu, lotsetsereka kwambiri kuti madzi asaime.

Zambiri mwa zipata zimene zilipo lero si zakale choncho, chifukwa midzi yochuluka inamanga zawo itatha nkhondo ya 1914 mpaka 1918, n'kulembapo mayina a ana awo omwe anafera kunkhondoko. Lamulungu ndikapitanso ndipo ndikajambula mfundozo chapafupi kuti muone nokha mmene anazilumikizira.