Kupalasa njinga motsatira mitsinje ya m'mapiri

Funso: Akonzi, ndikufuna kuyenda ulendo wa masiku angapo pa njinga m'dera la mapiri, ndipo anzanga akuti ndikatsatira mtsinje sindikakumana ndi zitunda. Kodi n'zoona?

Yankho: Anzanuwo akunena zoona, koma pang'ono chabe. Madzi amadzipezera njira yosavuta pakati pa mapiri, n'chifukwa chake misewu ndi njanji zimakonda kutsatira zigwa. Mwachitsanzo, mtsinje wa Inn umayambira kufupi ndi Maloja ku Switzerland, pamalo okwera mamita oposa 1,800, n'kudutsa mumzinda wa Innsbruck ku Austria mpaka kukathira mumtsinje wa Danube mumzinda wa Passau ku Germany, mtunda woposa makilomita 500, ndipo woyambira kumtunda amakhala akutsetsereka mbali yaikulu ya ulendowo. Komabe pamene chigwa chapanikizika pakati pa matanthwe, msewu umasiya madzi n'kukwera m'mbali mwa phiri, ndipo apa m'pamene njinga yolemedwa ndi katundu imakutulutsani thukuta.

Chimene ambiri amaiwala ndi mphepo. Kukakhala dzuwa, mpweya wotenthedwa m'mapiri umakwera, choncho masana mphepo imaomba kuchokera kumunsi kwa chigwa kupita kumtunda, moti wotsatira madzi amalimbana nayo maso ndi maso. Ife tingakulangizeni kulawirira m'mamawa kuti pofika masana mukhale mutadula mtunda waukulu.

Musananyamuke onetsetsani kuti mabuleki akugwira bwino, magiya opepuka alipo, ndipo katundu wolemera mwamuika pansi m'zikwama za mbali zonse ziwiri mofanana.