Chimbalangondo choyera sichikumira, chikufa ndi njala

Aphunzitsi ena a ku Domasi anditumizira imelo sabata yathayi. Akuti pophunzitsa za kusintha kwa nyengo anaonetsa ana chithunzi cha chimbalangondo choyera chitaima pa kachidutswa ka ayezi pakati pa nyanja. Mwana wina anakweza dzanja n'kufunsa kuti: "Poti chimatha kusambira, chikuvutika ndi chiyani ayezi akasungunuka? Bwanji osangosamukira kumtunda?" Ndiye akufuna tithandizane yankho.

Aphunzitsi, mwanayo mumuyamikire, chifukwa wafunsa pamene pagona nkhani.

Nyamayi imakhala kumpoto kwenikweni kwa dziko, ku Arctic, m'maiko asanu: Canada, America ku chigawo cha Alaska, Greenland, Norway ndi Russia. Akatswiri amayerekeza kuti zilipo pafupifupi 26,000, ndipo zambiri zili ku Canada. Chachimuna chimatha kufika makilogalamu 600, kulemera kwa matumba 12 a chimanga. Kuzizira sichidandaula nako. Khungu lake ndi lakuda bii, lokutidwa ndi ubweya wochindikala, ndipo mkati muli mafuta okhuthala mpaka masentimita 10. Chisanu cha Ku Chawe mu June, chimene chimatigonetsa ndi mabulangete awiri, kwa icho ndi thukuta lokhalokha.

Vuto lili pa chakudya. Chimbalangondochi chimadalira nyama ya m'nyanja yotchedwa seal, yooneka ngati katumbu wamkulu wonenepa. M'madzi sichingaigwire, seal ndi yaliwiro kwambiri. Koma seal imapuma mpweya ngati ife, choncho nyanja ikaundana imasunga mabowo pa ayezi oti izitulutsirapo mphuno. Chimbalangondo chimanunkhiza bowolo, n'kugona pambali pake chili duu, mwina maola angapo osagwedezeka. Seal ikangoti mphuno tulu, chimaiwakha n'kuikokera pamwamba. Chimayambira kudya mafuta, ndipo nthawi zambiri mnofu chimasiyira ankhandwe a kumeneko.

Choncho ayezi ndiye munda wake. Kuyambira April mpaka chakumayambiriro kwa July, pamene ana a seal ali ambiri komanso onona, ndi nthawi yake yokolola. Nkhokwe yake ndi thupi lake lomwe. Chimene chakundika m'miyezi imeneyi ndi chimene chidzachifikitse chaka chamawa.

Ku Hudson Bay, ku Canada, ayezi amasungunuka yense m'nyengo yotentha. Zimbalangondo zimatsikira kumtunda cha mu July n'kumadikira mpaka November kuti nyanja iundanenso, ndipo tsiku lililonse chimodzi chimatsika thupi ndi pafupifupi kilogalamu imodzi. Masiku ano nthawi yodikirayi yatalika ndi milungu itatu kapena kupitirira poyerekeza ndi m'ma 1980. Kukolola kukufupika, miyezi ya njala ikutalika. Ife amene timadziwa mmene February amatalikira nkhokwe ikatha mu December, izi sitifunika womasulira.

Kumtundako zimadya ndithu: mazira a mbalame, tizipatso, udzu, ngakhale zotaya za anthu. Koma thupi lalikulu chotere silingakhalire tizipatso. M'tauni ya Churchill, m'mbali mwa Hudson Bay momwemo, zimafika mpaka m'makomo, moti kuli nyumba yosungiramo zovutitsa kufikira nyanja itaundana.

Chimene chimandikhudza mtima ine ndi chachikazi. Chikakhala ndi bere chimakumba mphanga, n'kubereka mmenemo cha mu November kapena December, kawirikawiri ana awiri. Kamwana kamabadwa kosaona, kolemera magalamu pafupifupi 600, osafika ngakhale paketi imodzi ya shuga. Make amakayamwitsa mkaka umene pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndi mafuta, iye osadya kanthu, osamwa. Amatuluka cha mu March. Ku Hudson Bay, kuchokera pamene anatsika pa ayezi kufikira pamene adzagwirenso seal, pamatha miyezi 8. Mayi amene walowa m'mphanga ali wowonda mkaka umamuthera panjira, ndipo ana safika patali. Kumadzulo kwa Hudson Bay kunali zimbalangondo pafupifupi 1,200 m'ma 1980. Kalembera wa 2021 anapeza 618.

Za kusambirazo, n'zoona, ndi katswiri. Mu 2008 asayansi anatsatira chachikazi china chimene anachiveka kachipangizo m'khosi ku nyanja ya Beaufort. Chinasambira masiku 9 osapuma, mtunda wa makilomita 687, kuposa ulendo wochoka kuno ku Zomba kukafika ku Mzuzu, chikufunafuna ayezi. Atachigwiranso patapita miyezi iwiri, chinali chitataya 22 pa 100 ya kulemera kwake, ndipo mwana amene chinali naye sanaonekenso.

Ndinene chilungamo kuti si kulikonse kumene zikuchepa. Kale chimene chinkazipulula chinali mfuti, ndipo maiko asanu aja atasainirana pangano ku Oslo mu 1973 loletsa kuzisaka mwachisawawa, m'madera ena zinachulukanso. Koma panganolo silingaundanitse nyanja. Mpweya wochokera ku malasha, mafuta ndi gasi ukutenthetsa dziko, ndipo kuyambira 1979 ku Arctic kwatentha mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse. Ayezi amene amatsala mu September akuchepa ndi pafupifupi 12 pa 100 zaka khumi zilizonse. Kafukufuku wa 2020 anachenjeza kuti mpweyawu ukapanda kuchepetsedwa, magulu ambiri a zimbalangondozi akhoza kutha pofika 2100.

Kuti ana amve msanga, ayambireni pafupi. Afunseni za nyanja ya Chilwa mu 2018, kapena akafunse makolo awo za 1995. Ine ndinafika pa Kachulu nthawi imene ija: mabwato ali gone pa matope ong'aluka, maukonde atapachikidwa, anthu akuyenda wapansi pamene ankapalasa. Msodzi sanamire. Mtunda unalipo wambiri, koma matemba kunalibe, ndipo ambiri anasamuka kukasaka ganyu. Chilwa ndi nyanja yosaya ndipo yakhala ikuphwa kuyambira kale, choncho musawauze kuti nkhani ziwirizi n'zofanana m'zonse. Kufanana kwake kuli pa njala ya amene malo ake opezera chakudya achoka.

Ndipo ngati mwana yemwe uja afunsanso chifukwa chake kumeneko kukutentha msanga chotere, tulukani nawo panja masana. Yalani nsalu yoyera ndi yakuda padzuwa, dikirani mphindi 15, kenako aliyense agwire. Yoyerayo ndi ayezi, imabweza dzuwa. Yakudayo ndi nyanja imene yavundukuka, imamwa kutentha n'kusungunula ayezi wotsalayo.