Funsani Anamwino: kuyeza shuga wa mwana pakhomo

Mwezi uno makalata ambiri achokera kwa makolo ndi agogo a kuno ku Harare amene akulera ana odwala shuga wa mtundu woyamba, uja wofuna jakisoni wa insulini tsiku lililonse. Tasankhapo asanu.

Mayi a ku Mufakose akufunsa: Mwana wanga wamkazi wa zaka 7 ndinamuyeza atachokera kusukulu, kamakina koyezera shuga kanawonetsa 17. Nditabwereza pa chala china patangopita mphindi ziwiri kanawonetsa 9. Kodi kamakinaka kawonongeka?

Mayi, tisanakaweruze kamakinako tiyambe taona manja a mwanayo. Shuga wa m'magazi satsika kuchoka pa 17 kufika pa 9 m'mphindi ziwiri, choncho imodzi mwa nambala ziwirizo inali yabodza, ndipo kawirikawiri yabodza imakhala yokwerayo. Mwana akasenda mango, akayamwa masuku kapena akagwira switi ya mnzake panjira, pa chala pamatsala shuga wosaoneka ndi maso. Kadontho ka magazi kakasakanikirana ndi shugayo, kamakina kamawerenga zonse pamodzi. Ngozi yake ndi yaikulu, chifukwa mungamubaye insulini yowonjezera pa nambala yabodza, shuga n'kugwa.

Ndiye chitani motere nthawi zonse. Mwana asambe m'manja ndi sopo ndi madzi ofunda, kenako apukute mpaka manja aume gwa. Chala chonyowa chimasukulutsa magazi ndipo nambala imatsika mwabodza. Sipiriti si wofunika ngati wasamba bwino, koma mukapaka dikirani aume kaye. Mukakhala pamalo opanda madzi, pukutani kadontho koyamba ndi nsalu yoyera, muyeze kachiwiri.

Tulutsani sitiripi (kapepala koyezera magazi) imodzi m'kabotolo, mutseke chivindikiro pomwepo, muilowetse m'kamakina n'kudikira chizindikiro cha dontho. Bayani m'mbali mwa nsonga ya chala, osati pakati penipeni. M'mbali mumapweteka pang'ono ndipo magazi amatuluka bwino. Cholembera chobayira, chipangizo chimene mumaikamo kasingano kobayira chala, chimakhala ndi manambala osonyeza kuzama kwa kasingano. Khungu la mwana ndi lofewa, choncho yambani ndi nambala yotsikitsitsa, muzikweza pokhapokha magazi akakana. Sinthanisinthani zala, chifukwa chala chimodzi chikamabayidwa tsiku ndi tsiku chimachita chikang'a ndipo mwana amayamba kuthawa akangoona kamakina.

Magazi akakana kutuluka musafinye nsonga ya chala mwamphamvu, chifukwa pamatuluka madzi a m'minofu amene amasokoneza muyeso. Tsitsani dzanja pansi, musisite pang'onopang'ono kuchokera kuchikhatho kupita kunsonga. M'mawa wa June ndi July, kuzizira kwa Harare kuno kukafika pachimake, zala za ana zimauma magazi, ndiye muyambe mwamutenthetsa manja m'madzi ofunda kapena m'khwapa mwake. Gunditsani nsonga ya sitiripi pa kadonthoko kuti iyamwe yokha. Musapake magazi pamwamba, ndipo sitiripi ikapanda kudzaza itayeni, mutenge ina.

Masitiripi nawonso amawonongeka. Kabotolo kosiyidwa kotsegula kamalowa chinyontho. Kutentha kwa October pazenera, m'galimoto kapena pafupi ndi mbaula kumawapha. Onani tsiku lothera ntchito, muwerengenso kapepala ka m'bokosi, chifukwa mitundu ina imafuna kuti muwataye pakapita miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi chitsegulireni kabotolo. Lembani tsiku lotsegulalo pa kabotolo pomwepo. Musawasamutsire m'kapulasitiki kapena m'kabokosi ka machesi, ndipo mtundu uliwonse wa kamakina uli ndi masitiripi ake.

Dziwaninso kuti kamakina kabwinobwino kamaloledwa kusiyana ndi muyeso wa ku labu ndi magawo 15 pa 100 alionse. Mukayeza kawiri n'kupeza 9.1 ndi 9.8, palibe cholakwika. Lamulo losavuta n'lakuti nambala ikasemphana ndi mmene mwana akuonekera, sambitsani manja mubwereze musanabaye insulini.

Bambo a ku Dzivarasekwa akufunsa: Masitiripi akutidya ndalama. Kabotolo ka 50 sikatha milungu iwiri. Kodi tiyeze kangati pa tsiku?

Bambo, tikuuzeni zoona zake kaye. Malangizo a madokotala a shuga wa ana amati mwana wobaya insulini aziyezedwa kasanu ndi kamodzi mpaka kakhumi pa tsiku. Tikudziwa kuti mabanja ambiri sangakwanitse zimenezo. Mukatha kanayi, yezani asanadye m'mawa, masana ndi madzulo, komanso asanagone.

Ngati thumba likulola kawiri kokha, musayeze nthawi yofanana tsiku lililonse. Amene amayeza m'mawa mokha mwezi wathunthu amadziwa za m'mawa basi. Lolemba yezani m'mawa ndi pogona, Lachiwiri masana ndi madzulo, Lachitatu asanadye nsima ya madzulo ndi patapita maola awiri atadya, tsiku lina m'mawa ndi 2 koloko usiku. Pakutha kwa mlungu mudzakhala mwaliona tsiku lonse ndi masitiripi 14 okha. Nthawi zonse sungani padera masitiripi khumi osakhudzidwa, a tsiku lodwala kapena la shuga wotsika.

Sitiripi yoyezedwa koma yosalembedwa ndi ndalama yotayika. Kope la sukulu ndi lokwanira: tsiku, nthawi, nambala, insulini yomwe wabaya, chimene wadya, ndi chachilendo chilichonse monga mpira, chimfine kapena phwando. Kope limeneli ndilo adokotala amagwiritsa ntchito posintha mlingo wa insulini, kaya mumapita kuchipatala cha Parirenyatwa, cha Sally Mugabe kapena kukiliniki ya kufupi. Pano tikupempha makolo nonse chinthu chimodzi: musamukalipire mwana chifukwa cha nambala yokwera. Mwana wokalipiridwa amaphunzira msanga kulemba 6 pomwe kamakina kanati 16, ndipo adokotala amadzasankha mlingo potengera bodza. Ingomufunsani modekha kuti wadya chiyani. Nthawi zambiri cholakwa si cha mwana n'komwe, ndi kukula kwa thupi, matenda, kapena insulini yomwe yachepa.

Kasingano kobayira chala kayenera kusinthidwa nthawi iliyonse. Kobuntha kamapweteka kwambiri. Cholembera chobayira chisabwerekedwe ndi munthu wina aliyense, ngakhale wa m'nyumba momwemo, chifukwa cha HIV ndi matenda a chiwindi. Tisingano takale tiponyeni m'botolo lolimba lotseka bwino, mukapereke kukiliniki.

Agogo a ku Mbare akufunsa: Mwana wanga wa ku America watumiza kamakina ka mdzukulu wanga. Kakuwonetsa 126, mwina 180, pomwe kakale kankawonetsa 7 kapena 10. Kodi shuga wakwera chonchi?

Mtima m'malo, agogo. Ku America amawerenga shuga mu mg/dL, pomwe kuno ku Zimbabwe timawerenga mu mmol/L. Gawani nambalayo ndi 18. Ndiye 126 ndi 7, 180 ndi 10, ndipo 70 ndi 3.9. Onetsetsani kuti aliyense woyeza mdzukuluyo akudziwa zimenezi, chifukwa munthu wozolowera zakuno akaona 54 angaganize kuti shuga wakwera zedi, chonsecho ndi 3, wotsika koopsa. Funsaninso ngati masitiripi a kamakinako amapezeka m'mafamase a kuno. Ngati sapezeka, kadzangokhala chokongoletsa kabati.

Kwa ana ambiri timafuna 4 mpaka 8 asanadye, ndipo osapitirira 10 patapita maola awiri atadya. Adokotala angamuikire mwana wanu malire ake. Kuyeza kwa kuchipatala kotchedwa HbA1c kumasonyeza mmene shuga wayendera miyezi iwiri kapena itatu yapita, ndipo kumachitika miyezi itatu iliyonse. Cholinga ndi 7 peresenti kapena kutsikirapo. Kamakina kakalemba HI, shuga wapitirira pomwe kangathe kuwerenga, pa makina ambiri ndi pamwamba pa 33. Kakalemba LO, watsikitsitsa, mupatseni shuga nthawi yomweyo.

Mayi a ku Highfield akufunsa: Mnyamata wanga wa zaka 10 anadzuka usiku thukuta lili kamukamu, akunjenjemera. Ndinapeza 3.2. Ndinamupatsa buledi wa majarini ndi tiyi wamkaka, koma anachedwa kukhala bwino. Ndinalakwitsa pati?

Munachita bwino kuyeza, mayi, koma chakudyacho chinali chochedwa. Mafuta a majarini, mkaka, chiponde kapena chokoleti amachedwetsa shuga kulowa m'magazi. Shuga akatsika pansi pa 4 pamafunika shuga wothamanga. Mwana wosakwana zaka 5 mupatseni magalamu 5, wa zaka 5 mpaka 11 magalamu 10, wamkulu kuposa apo magalamu 15. Supuni yaing'ono ya tiyi ya shuga wa patebulo ili ndi magalamu 4 mpaka 5, ndiye wanuyo akufunika masupuni awiri kapena atatu osungunula m'madzi pang'ono. Theka la kapu yaing'ono ya Coca-Cola, mamililita 100, lili ndi magalamu pafupifupi 10. Koma onani botolo, chifukwa zakumwa zolembedwa kuti zero kapena diet zilibe shuga ndipo sizingamuthandize.

Mukhazikeni pansi, dikirani mphindi 15, muyezenso. Akadali pansi pa 4, bwerezani mlingo womwewo. Akakwera, apo ndiye mupatseni buledi uja, nthochi kapena phala kuti asatsikenso, makamaka usiku. Mantha amachititsa makolo ambiri kumwetsa mwana botolo lonse, m'mawa n'kupeza 20. Pimani mlingo, mudikire.

Ngati mwana wakomoka, akuphupha kapena sakutha kumeza, musamuthire chakumwa m'kamwa, angatsamwidwe. Mugonekeni cham'mbali. Ngati muli ndi jakisoni wa glucagon, mankhwala okweza shuga mwachangu, mubayeni pantchafu, theka la mlingo, 0.5 mg, kwa mwana wosakwana makilogalamu 25, ndipo 1 mg kwa woposa apo. Ngati mulibe, pakani uchi pang'ono kapena shuga wonyowetsa m'kati mwa tsaya la kumunsi, uku mukuthamangira kuchipatala.

Kenako funsani chomwe chinachititsa. Kodi anasewera mpira masana? Minofu imapitiriza kukoka shuga maola ambiri pambuyo pa masewera, n'chifukwa chake ana ambiri amatsika usiku wa tsiku lomwe anathamanga kwambiri. Kodi anabaya insulini n'kusiya nsima m'mbale? Masiku otere yezani pogona, mutcherenso alamu ya 2 kapena 3 koloko usiku. Mwana wamng'ono sanena kuti shuga watsika. Amangolira popanda chifukwa, kuchita makani, kutuwa, kapena kukhala duu. Aphunzitsi ake adziwe zizindikirozi, ndipo m'chikwama chake musasowe maswiti a glucose kapena timapaketi ta shuga.

Azakhali a ku Epworth akufunsa: Mwana wa mchimwene wanga akadwala n'kumakana kudya, timasiya kumubaya insulini poopa kuti shuga atsika. Kodi n'zoyenera? Komanso pa Khirisimasi tikupita naye kumudzi ku Malawi pa basi.

Ayi azakhali, insulini musaisiye. Ichi n'chimodzi mwa zinthu zimene zimafikitsa ana m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Thupi likamalimbana ndi matenda shuga amakonda kukwera ngakhale mwana sakudya. Popanda insulini thupi limayamba kuwotcha mafuta, ndipo m'magazi mumadzaza asidi wotchedwa ma ketoni. Mlingo ungafunike kusinthidwa, mwina kukwezedwa, mwina kutsitsidwa ngati akutsegula m'mimba ndipo shuga ali pansi, koma zimenezo mugwirizane ndi adokotala mwana asanadwale, zilembedwe kumapeto kwa kope lija.

Tsiku lodwala yezani shuga maola awiri kapena atatu alionse, usiku womwe. Yezaninso ma ketoni shuga akapitirira 14, kapena mwana akamasanza ngakhale shuga asanakwere. Timapepala toviika mu mkodzo n'totsika mtengo: viikani, dikirani masekondi olembedwa pa botolo, muyerekeze mtundu wake ndi wa pa botolopo. Ngati kamakina kanu kamayeza ma ketoni a m'magazi, pansi pa 0.6 ndi bwino, kuyambira 0.6 mpaka 1.5 pakufunika madzi ndi insulini yowonjezera monga anakulangizirani adokotala, pamwamba pa 1.5 lankhulani ndi achipatala msanga, ndipo 3 kapena kuposa nyamukani pomwepo. Mumwetseni pang'onopang'ono pafupipafupi, madzi wamba shuga akakwera, chakumwa cha shuga akatsika. Kusanza kosalekeza, kupweteka m'mimba, kupuma mozama ndi mofulumira, mpweya wonunkhira ngati zipatso zovunda, kapena kuwodzera kosadzutsika, zimenezo si zodikira kuti kuche.

Za ulendo, njira ya ku Nyamapanda, Tete ndi Mwanza ndi yaitali ndipo ku Tete kumatentha kwabasi. Insulini, kamakina ndi masitiripi zikhale m'chikwama cha m'manja, osati pansi pa basi kapena padzuwa la pazenera. Tengani zowirikiza kawiri zomwe mukuganiza kuti zikwanira, batire lapadera la kamakina, ndi kalata ya adokotala yoonetsa pachipata. Insulini yosatsegula imasungidwa pa madigiri 2 mpaka 8, ndipo ikangouma ngati ayezi yawonongeka, musaigundanitse ndi madzi oundana. Yotsegula imatha pafupifupi milungu inayi pamalo ozizira bwino. Kumudzi kopanda firiji, ngakhalenso kuno magetsi akazima, ikani insulini m'kabotolo kotseka bwino m'kamphika kadothi, kamphikako mukakhazike m'mphika waukulu, pakati pake muthire mchenga wonyowa, muvindikire ndi nsalu yonyowa pamthunzi podutsa mphepo. Nthawi ya Khirisimasi ndi nyengo ya malungo, ndipo malungo amatha kutsitsa shuga kapena kumukweza, choncho mwana agone m'neti, ndipo thupi likangotentha muyezeni shuga ndi ma ketoni, mupite naye akayezedwe malungo tsiku lomwelo.